Mtsempha wa Nyachirwa

Ana anga ndi adzukulu anga, ndikudziwa kuti mumandinena kuti ndine munthu wovuta, wosakhulupirira aliyense. Makutu anga sanakalambe, ndimamva. Sindikukana. Koma popeza ndinapuma pantchito ndipo nthawi ndili nayo, ndati ndilembe kuti mudziwe kumene khalidweli linachokera, ndi tsiku limene linandiika pamphambano. Maina ena ndasintha ndipo zipatala sinditchula. Pepala limayenda, sindidziwa kuti lidzagwera m'manja mwa ndani.

Hewe, chaka changa choyamba

Za ubwana wanga ku Dedza ndizisiya, munazimva kale. Unamwino ndinauyambira m'chigwa cha Hewe, pakachipatala ka zipinda zinayi. Ndinafika pa lole yonyamula feteleza, nditakhalira sutikesi yanga kuti wina asaitsegule. Chitumbuka sindinkadziwa kupatula yewo, zikomo wawo. Kwathu ndinali Naphiri, kuno anandisandutsa Nyaphiri, ndipo dzinalo linandikakamira mpaka lero.

Bwana wanga woyamba anali amayi Nyausisya, namwino wachikulire wophunzira ku mishoni, wosaseka pantchito. Sabata yachiwiri kunabwera bambo wina atakankha njinga, akuti wangobwera kudzatenga mankhwala a mutu. Ndinamufunsa kuti ali bwanji, iye nkuti, “Nili makora, amama,” kutanthauza kuti ali bwino. Ndinalemba zomwezo m'buku. Amayi Nyausisya anawerenga, nayang'ana bamboyo, namuuza kuti avule nsapato. Phazi linali litatupa, lada, likununkha. Anali atadzitema ndi khasu masiku ambiri m'mbuyomo.

Bamboyo atagonekedwa, amayi Nyausisya anandiitanira kuseri. “Mwana wanga,” anatero, “munthu wa kuno akakuuza kuti ali makora, wakupatsa ulemu. Lipoti sanakupatse. Lipoti uzilifuna wekha ndi maso, ndi mphuno, ndi zala.”

Ndinakhala nawo zaka zinayi. Sanandiyamikirepo ngakhale kamodzi, koma posamuka anandipatsa wotchi yawo yowerengera kugunda kwa mtima.

Zaka zapakati

Anandisamutsa kangapo, konse m'boma la Rumphi lomweli. Kwina tinkalandira alonda a nyama a ku Thazima atavulala m'tchire, kwina alimi a fodya akutsokomola ndi fumbi la m'zigafa. Ndinakwatiwa ndi bambo anu, mphunzitsi, ndipo ndinabereka inu atatu pakati pa kusamukasamukako. Kusowa kwa zipangizo ndiko sikunasamuke. Tinachapapo magolovesi nkuwayanika pachingwe ngati masokosi. Tinakolekapo diripi pamsomali wa khoma. Nthawi ina mabandeji anatha, ndinang'amba nsalu yanga yapatebulo nkuiwiritsa mumphika.

Mabwana ndinaona amitundumitundu. Wina ankalemba kuti wayendera wodi ali kunyumba kwake. Wina anali wabwino mtima kwambiri moti ankakhulupirira chilichonse chimene gadiyani wanena, ndipo odwala ake ankavutika kuposa a waulesi uja. Ine ndinasanduka munthu wotsegula kabati kawiri. Mnzanga akandiuza kuti wodwala wadya, ndinkakaona mbale. Anamwino achinyamata ankanditcha apolisi, akuganiza kuti sindikumva.

Nyengo yomanga mabelo a fodya, chaka chomaliza

Ndinamalizira pachipatala china chapakati: mawodi awiri, chipinda cha amayi oyembekezera, ambulansi imodzi, fiyeta yochitira maopareshoni palibe. Mkulu wathu anali a Mwale, kiliniko ofesa wochokera kuchigawo chapakati ngati ine, amene anthu ankawatcha adokotala. Ndinene poyera kuti sanali munthu woipa. Anali wanzeru, wotopa, ndipo ankaona odwala ambiri patsiku kuposa amene munthu mmodzi ayenera kuona. Ine kunali kutatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti ndipume.

Lachitatu lina anatibweretsera mayi wotchedwa Nyachirwa, wa ku Hewe, wa ana atatu. Mwamuna wake anali mlonda wa nyama ndipo sabata imeneyo anali m'tchire kumtunda, kumene foni sigwira. Masabata atatu m'mbuyomo mayiyu anali atachotsedwa kathumba ka ndulu kuchipatala chachikulu cha kumzinda, chifukwa munali timiyala. Bala linali litauma bwino. Koma ankamva ululu pansi pa nthiti kumanja, wobwera mwamphamvu nkuleka, ndipo maso anali ndi kachikasu pang'ono. M'kabuku kake ka kuchipatala munalembedwa kuti potuluka anamupatsa mapiritsi owonjezera magazi. A Mwale anati apitirize omwewo, ndipo tinamugoneka.

Womudikirira anali apongozi ake aakazi. Apongozi aamuna, a Gondwe, mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo, ankabwera m'mawa uliwonse panjinga atavala jekete, kudzapemphera. Nthawi yawo yofikira inali yomweyo yogawira mankhwala. Tsono inu mukudziwa mwambo wa kuno, kuti mkamwana saika kanthu m'kamwa apongozi aamuna akuona. Tikamupatsa piritsi, Nyachirwa ankalandira ndi manja awiri, nkutembenukira kukhoma, nkudzifunditsa chitenje kumutu. Aliyense ankati ndi mwana wolelredwa bwino. Inenso, ndi ukalamba wanga wonse pantchito, ndinaima pomwepo masiku awiri ndikulemba kuti wamwa.

Lachinayi apongozi aakazi anandinong'oneza kuti chimbudzi cha mwanayo chikutuluka chakuda bii. Lachisanu m'mawa poyendera wodi ndinawauza a Mwale.

“Chikasu ichi nchochepa, a Nyaphiri,” anatero akuyang'ana maso a wodwala. “Mwina katsalira kamwala m'njira ya ndulu. Ululu wobwera nkupita ndi mmene timiyala timachitira. Lolemba mafuta akabwera timutumiza akamujambule.”

“Nanga chimbudzi chakuda chija?”

“Amayi, ntchito mwayamba dzulo kodi? Munthu akumwa mapiritsi a magazi, mufuna chimbudzi chake chiyere ngati ufa woyera?”

Odwala a pafupi anaseka. Ndipo a Mwale sananame, mapiritsi amenewo amadetsadi chimbudzi. Ndinamufunsa Nyachirwa kuti akumva bwanji. “Nili makora, amama,” anayankha.

Makina athu oyezera kuchuluka kwa magazi anali opanda zipangizo kwa mwezi wathunthu. Choncho dzuwa litakwera ndinabwerera ndekha, ndinanamizira kusintha nsalu zapabedi. Pomutembenuza, dzanja langa linagunda mfundo pakona ya chitenje chake. Munali tinthu tolimba ngati nyemba. Ndinawatuma apongozi ake kukatunga madzi kumjigo wakutali, osati wapafupi, ndipo nditatseka katani ndinamasula mfundoyo. Mapiritsi athu onse anali momwemo.

“Izi ndi nyemba za mbewu?” ndinafunsa.

Anabisa nkhope. “Amama, musawauze apongozi. Adzati ndine wamwano.”

“Sindinafunse za apongozi. Unasiya liti kumwa?”

“Sabata yoyamba yomwe, kunyumba. Amandimanga m'mimba. Ndikapita kuseri bala limawawa chomene.”

“Ndiye kuti chichokereni sabata yoyamba sunamezepo ngakhale limodzi?”

“Ngakhale limodzi. Aja a kumzinda ali m'chitini kumunda.”

Ngati mapiritsi sanalowe m'thupi, chinkadetsa chimbudzi nchiyani? Ndinamubweretsera beseni ndipo ndinadikira. Zimene zinatuluka zinali zakuda ngati phula wa pamsewu, zomata, ndipo fungo lake namwino aliyense amene anakalambira m'wodi amalidziwa. Anali magazi amene adutsa m'matumbo. Ndinatsitsa chikope chake, m'kati munali moyera ngati pepala. Mtima wake unkathamanga. Atagona BP inali yooneka bwino, koma nditamukhazika tsonga inatsika ndipo anati khoma likuzungulira.

Ndinapita ku ofesi ya a Mwale, ndinathira mapiritsi aja patebulo pawo ndi kuwafotokozera zonse. Sanachite makani pa zimene zinali pamaso pawo.

“Ndiye kuti akutaya magazi,” anatero. “Zilonda za m'mimba mwina. Muikeni diripi, mumupatse mankhwala a zilonda. Tiona mmene agonere.”

“Munthu amene anang'ambidwa pafupi ndi chiwindi masabata atatu apitawo, ali ndi chikasu, ululu uli pomwepo, inu mukuti zilonda?”

“Nanga inu mukuti nchiyani?”

“Sindikudziwa. Nchifukwa chake ndikufuna abwerere kwa amene anamutsegula.”

Anandionetsa pazenera pamene ambulansi inaima pansi pa mtengo. “Muli mafuta a ulendo umodzi, a Nyaphiri, ndipo lamulo mukulidziwa, amenewo ndi a amayi oyembekezera. M'chipinda chodikirira muli mtsikana uja wa mimba yoyamba, wochepa thupi. Mwamuyeza nokha. Akayamba mawa mwana nkukanirira, mudzamunyamula pamsana?”

Apa ndiye panali povuta, ana anga, chifukwa ankanena zoona. Mtsikanayo ndinkamudziwa, ndipo inenso ndinkamuopera.

Ndinatuluka panja ndi kuimbira namwino wina amene ndinamuphunzitsa ntchito kale, yemwe tsopano anali kuwodi ya maopareshoni kuchipatala chachikulu chija. Ndinamuuza kuti asandipatse moni wautali, akandipezere dokotala amene anachita opareshoni ya Nyachirwa. Mwamwayi anali pafupi. Dokotalayo anandifunsa zinthu zitatu zokha: ululu uli pati, maso ali bwanji, chimbudzi chili bwanji. Nditayankha anafunsanso ngati ndili wotsimikiza za mapiritsi.

“Ali m'thumba mwanga muno,” ndinatero.

“Mubwere naye lero, molunjika kuno,” anatero. “Asadye kanthu. Madiripi awiri. Zimene ndikuganiza sizichitikachitika, koma ngati ndi zomwezo, magazi amatuluka pang'ono, nkuleka, kenako tsiku lina amatuluka onse. Lolemba nkutali.”

Ndinabwerera kwa a Mwale ndi kuwauza. Nkhope yawo inasintha, chifukwa ndinali nditawadumpha.

“Dokotala wa kumzinda sadziwa za thanki yathu,” anatero. “Ine sindisayina. Mukaitenga galimotoyo, mtsikana uja chikamuchitikira, ndi mutu wanu. Mwatsala ndi miyezi ingati, amayi? Mufuna kutuluka ndi kalata yoipa?”

Ndinaima pakhomo ndikuyeza anthu awiriwo mumtima. Mtsikana anali asanayambe, mwina akanabereka bwinobwino. Nyachirwa anali akutha kale, ndipo masiku awiri a kutha kwakeko ndinali nditasayinira ine, ndi cholembera changa, kuti wamwa mankhwala. Ndinatenga pepala lotumizira wodwala, ndinalemba zonse, ndinasayina dzina langa pamalo pa dzina lawo.

Kunatsala a Gondwe. Ndinawapeza pabenchi panja, chipewa pabondo.

“Amama a nesi,” anatero, “adokotala anati Lolemba. Komanso mwini mkazi kulibe. Ine sindingatumize mkazi wa mwana wanga kumpeni kachiwiri iye asakudziwa.”

“Adada, adokotala ananena zimenezo asanaone zimene ndaona ine.”

“Mwaona chiyani?”

“Zimene apongozi aamuna sayenera kuona. Mukafuna, beseni lili m'katimu, ndikubweretsereni.”

Anatsokomola, nayang'ana kumbali, navala chipewa. “Ayi, yewo. Inu ndinu odziwa. Ndituma uthenga kuchipata cha alonda a nyama ku Thazima, akamufune mnyamatayo.” Za mapiritsi sindinawauze, ndipo sanadziwe mpaka anamwalira.

Tinanyamuka dzuwa litangopendeka. Dalaivala wathu, a Msiska, anandifunsa ngati bwana avomera. Ndinati ayendetse galimoto, mafunso adzafunsidwa ine. Msewu wafumbi unali ndi mabampu, ndipo pa bampu lililonse Nyachirwa ankaluma chitenje. Apongozi ake anamugwira mutu akuimba chapansipansi. Titadutsa pa Boma ndi kuwoloka mlatho wa Njakwa, ululu uja unabwera mwamphamvu, ndipo anasanza magazi, ofiira tsopano, odzaza kambale. Zala zanga pamkono pake zinkangomva kanthu kothamanga ngati ulusi. Ndinamukweza miyendo pachikwama cha zovala, ndinagwira thumba la diripi ndi manja onse nkumalifinya kuti madzi alowe msanga. Litatha ndinaika lina nkufinyanso. Manja anachita dzanzi mpaka m'zigongono.

“Amama, ndikugona,” anatero.

“Ukagona kwanu. Tchula maina a ana ako, kuyambira wamkulu.”

Anatchula. Ndinati abwereze. Anabwereza kambirimbiri mpaka tinalowa mumzinda.

Dokotala uja anali akutidikira pakhomo. Anamujambula mwachangu ndi makina, anamuika magazi, ndipo analowa naye ku fiyeta dzuwa likadalipo. Ine ndinakhala pakhonde ndi yunifolomu yothimbirira. Atatuluka anandiitana, natembenuza pepala langa lomwe lija, najambula kumbuyo kwake. Anandionetsa mtsempha umene umapititsa magazi kuchiwindi, mmene umadutsira pafupi kwambiri ndi pamene kathumba ka ndulu kamakhala. Anati nthawi zina, ngakhale opareshoni itayenda bwino, khoma la mtsemphawo limakhudzidwa kapena kudyeka ndi ndulu yodontha, ndipo limafooka. Pofookapo pamatupa pang'onopang'ono ngati chubu cha njinga chikatulukira pa tayala long'ambika. Kwa Nyachirwa chotupacho chinaboolera m'njira ya ndulu. Magazi ankatsika m'njiramo kupita m'matumbo, ndipo akaundana ankatseka njira, nchifukwa chake chikasu ndi ululu wobwera nkupita. Kunja bala linali louma, m'kati munthu akudontha.

“Tamanga mtsemphawo,” anatero. “Masiku atatu akubwerawa ndiwo adzatiuza ngati chiwindi chapirira. Zaka zonse ndagwira ntchitoyi, izi ndinkangoziwerenga. Munadziwa bwanji?”

“Sindinadziwe. Ndinangomasula chitenje.”

Sabata yotsatira

Tsopano ndilembe mbali imene sindiikonda. Pobwerera mafuta anatithera pa Boma, ndipo ambulansi inaima pamenepo mpaka Lachiwiri. Loweruka masana mtsikana uja anayamba, ndipo mwana anakaniriradi. A Mwale anathamanga wapansi mpaka kumsika, anaimitsa lole yonyamula mabelo a fodya, anamugoneka mtsikanayo pamatiresi pamwamba pa mabelo, nakwera naye okha atagwira diripi m'mwamba. Anafika naye kumene kuli fiyeta. Mayi anapulumuka. Mwana anabadwa wotopa kwambiri, anakhala masiku ambiri akuthandizidwa kupuma, koma anakhala moyo. Zimenezo si nzeru zanga. Anamupulumutsa ndi a Mwale, ndipo ndikufuna muzidziwe.

Lolemba anandiitana. Maso awo anali ofiira.

“Mukanakhala pa lole paja mukanamva mmene ankalirira,” anatero.

“Ndikudziwa.”

“Simukudziwa, simunalipo. Akuluakulu akufuna kalata. Mulembe kuti munalakwa ndipo mukupepesa, ine ndiikapo mawu abwino, nkhani ithe. Ndikukuthandizani, amayi.”

Ndinalemba kalatayo masana omwewo. Ndinalemba zimene ndinaona ndi nthawi yake, kuti masiku awiri ndinasayinira mankhwala amene sindinaone akumezedwa, kuti za mtsikana ndinkazidziwa pamene ndinkatenga galimoto, ndiponso kuti a Mwale anakana ndipo ndinasayina ndekha. Mawu akuti ndinalakwa kutenga ambulansi sindinalembe. A Mwale anawerenga, nati, “Palibe kupepesa muno.” Ndinati kupepesako kuli ndi mwini wake. Mtsikana uja atabwerera kwathu ndi mwana wake, ndinapita pabedi pake, ndinagwada, ndinamuuza kuti galimoto imene inayenera kumunyamula ndinaitenga ndine. Anandiyang'ana, kenako anatembenukira kwa mwana wake. Sanandikhululukire pamaso panga, ndipo sindinamuumirize.

Kalata yochenjeza inabwera, ndipo miyezi yotsalayo anandichotsa m'wodi nkundiika koyeza ana sikelo. Kalatayo ili m'sutikesi yanga, mukafuna mudzaiwerenge. Ine ndi a Mwale tinkapatsana moni wokha mpaka tsiku langa lomaliza. Koma ndinamva kuti kuyambira pamenepo analamula kuti nthawi ya mankhwala alendo onse aamuna azidikira panja, akulu a mpingo omwe.

Za Nyachirwa ndinkaimba foni m'mawa uliwonse. Tsiku loyamba anati akupuma. Lachiwiri anati chikasu chawonjezeka, ndipo tsiku limenelo sindinadye. Lachitatu anati chayamba kutsika. Mwamuna wake anafika ndi yunifolomu ya kutchire ndipo anapereka magazi asanakhale nkomwe pansi. Patapita masabata awiri Nyachirwa anatuluka, akuyenda yekha, atagwira khoma.

Mwezi watha, zaka zingapo chichitikireni zimenezi, anakwatitsa mwana wake woyamba ku Hewe, yemwe uja ankayamba kumutchula m'ambulansi. Ananditumizira uthenga katatu ndisanavomere. Anandikonzera mpando kutsogolo, koma ine ndinakakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Nthawi ya amayi a mkwatibwi itakwana analowa m'bwalo, wanenepa, atamanga chitenje chatsopano m'chiuno, ndipo anavina nyimbo yonse mpaka kumapeto osakhala pansi.